Chikomekome cha Nkhuyu: Kusankha Mkuyu Wobzala Pakhomo Kuno ku Mangochi

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Moni kwa inu a kwa Mponda ndi ku Malindi, a ku Makawa, ku Monkey Bay mpaka ku Chembe. Moni a kumtunda ku Namwera ndi kwa Katuli, osaiwala abale athu a kwa Makanjira. Asodzi amene mukusoka maukonde pamchenga, amayi amene mukuyanika usipa pathandala, sendezani wailesi pafupi. Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya ulimi wa pakhomo, ndipo lero tikamba za nkhuyu.

Ndikudziwa kuti ena mwadabwa kale. Mwati, nkhuyu nazonso ndi za pawailesi? Zipatso zimene amadya anyani ndi mileme? Khalani pomwepo, musasinthe siteshoni.

Ine ndinakulira pafupi ndi mtsinje wa Shire, chakumunsi kwa pamene madzi amatulukira m'nyanja kulowera ku Malombe. Panjira ya kudooko panali mkuyu waukulu wa khungwa lachikasu, woti ana anayi kugwirana manja osauzungulira. Ukabereka, pansi pake pamachita kuti mbwee nkhuyu, ndipo fungo lake umalimva usanafike. Timatola yofiirira bwino, kuing'amba pakati ndi zala, kuyang'anitsitsa mkati, kupemerera kawiri katatu kuti tizilombo tiuluke, kenako n'kuponya m'kamwa. Mwana amene wadya osang'amba ankasekedwa tsiku lonse. Makolo athu anazionadi zimenezi, n'chifukwa chake anatisiyira mwambi uja wakuti chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu timaunena pochenjeza mnyamata amene wakopeka ndi nkhope, koma lero ndikufuna tiutenge monga momwe ulili, ngati phunziro la ulimi. Munthu amene akufuna kubzala mkuyu wa zipatso zokoma ayenera kuyamba wadziwa zimene zimachitika mkati mwa nkhuyu.

Kodi munauonapo mkuyu utachita maluwa? Mango timawaona maluwa ake, papaya timamuona, koma mkuyu ayi. Chifukwa chake n'chakuti nkhuyuyo ndi kathumba, ndipo maluwa ake, ang'onoang'ono mazanamazana, ali mkati mwa kathumbako. Kunsi kwa nkhuyu kuli kabowo kakang'ono, kamene mu pulogalamu ino ndizikatchula kuti kamchombo. Pakamchombo pamenepo pamalowa kamavu kakakazi, kochepa kuposa kanjere ka chitowe, katanyamula mungu wochokera ku mkuyu wina. Polowa kamadzipanikiza mpaka mapiko kuthothoka, ndiye sikatulukanso. Kamamwaza mungu pamaluwa aja, kuikira mazira, n'kufera momwemo. Ana ake akaswa, aamuna amene alibe mapiko amaboola njira, aakazi n'kutuluka ndi mungu kukafuna nkhuyu ina. Tizilombo timene tinkapemerera tili ana tija ndi timeneti, ndipo nyerere zimabwera kudzatisaka komanso kudzanyambita zotsekemera. Mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi kamavu kakekake. Kamavu ka mkuyu wathu wa m'mbali mwa Shire sikangathandize kachere, ndipo sikangathandizenso mkuyu wachilendo umene ndikufuna tikambirane tsopano.

Mkuyu wachilendowo akatswiri amautcha Ficus carica, pamene wathu wa kudambo amautcha Ficus sycomorus. Wachilendowu kwawo ndi kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi chakum'mawa kwake. Ndi mtengo waufupi, wa masamba akuluakulu ogawikana ngati chikhatho, ndipo munthu ukhoza kuthyola zipatso zake uli chiimire. Ndi umodzi mwa mitengo yoyambirira imene anthu anayamba kubzala. M'chaka cha 2006 akatswiri analengeza kuti pamalo ena otchedwa Gilgal, kufupi ndi Yeriko, anapeza nkhuyu zouma za zaka pafupifupi 11,400. Abale athu Achisilamu mukudziwa kuti sura ya 95 m'Qur'an imatchedwa At-Tin, ndipo liwu limeneli limatanthauza nkhuyu. Akhristu mukukumbuka Zakeyu amene anakwera mumtengo kuti aone Yesu. Umene anakwera iye uja ndi mtundu womwewu wathu wa kudambo. Lero dziko limene limalima nkhuyu zambiri ndi Turkey, kumene amakolola matani oposa 300,000 pachaka, ndipo zouma zimene mumaziona m'mapaketi m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe zambiri zimachokera kumayiko ngati amenewo.

Funso n'lakuti, mtengo wa ku Turkey ungachite bwino kuno kotentha chonchi? Ungachite. Mkuyu umakonda dzuwa, ndipo dzuwa ndiye chuma chimene Mangochi sasowa. Koma pali misampha itatu inayi imene ndiyenera kukuuzani, ndipo woyamba ndinagwamo ndekha.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Zaka zingapo zapitazo ndinagula mbande ya mkuyu wachizungu kwa bambo wina amene ankagulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Inali mbande yokongola, masamba obiriwira kuti biriwiri. Ndinaikumbira dzenje, kuthira manyowa, kuitchingira ndi minga kuopa mbuzi, madzi osaphonyetsa. Chaka chachiwiri unabereka. Tinkhuyu tinatuluka m'mphanda ya tsamba lililonse, ine mtima m'malo. Titafika kukula ngati nthudza, tinayamba kuchita chikasu n'kumayoyoka tokha. Ndikang'amba, mkati mouma ngati thonje. Ndinaganiza kuti ndi ludzu, ndinawonjezera madzi. Chaka chotsatira chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinawonjezera manyowa. Zaka zitatu zinatha ndisanalaweko ngakhale imodzi. Pambuyo pake m'pamene ndinamva kuti bambo aja anafesa njere za nkhuyu zouma zogula m'sitolo. Sindiwaimba mlandu, nawonso sankadziwa.

Nkhani yake ili chonchi. Mikuyu yachilendoyi ili m'magulu. Lilipo gulu limene limabereka ndi kupsa lokha popanda mungu, popanda kamavu. Lilipo gulu lina, lotchedwa Smyrna, limene nkhuyu zake zimayoyoka zonse ngati kamavu ka kwawo sikanalowemo. Lina lotchedwa San Pedro limapsa lokha ulendo woyamba pachaka, koma ulendo wachiwiri limafuna kamavu. Ndiye palinso mikuyu imene tingaitche yamphongo, imene ntchito yake ndi kusunga timavu ndi mungu basi, zipatso zake sizidyedwa. Mukafesa njere, pafupifupi theka la mbande limatuluka lamphongo, ndipo mwa zotsalazo zambiri zimafuna kamavu kamene simungakayembekezere kuno. Alimi a ku California, ku America, anavutika ndi zomwezi. Anaitanitsa mitengo ya Smyrna cha m'ma 1880, anabzala minda yaikulu, koma nkhuyu zinkangoyoyoka chaka ndi chaka, mpaka mu 1899 pamene anakatenga timavuto ku Algeria. Mtundu umene anayamba kukolola pamenepo anautcha Calimyrna, ndipo ndi wokoma zedi, koma inu wa ku Mangochi musautaire nthawi.

Ndiye lamulo loyamba, lembani ngati muli ndi cholembera: mkuyu wachilendo sitifesa njere. Timadula nthambi ku mtengo umene taona ndi maso athu ukupsetsa zipatso, monga momwe timachitira ndi chinangwa. Wogulitsa mbande mumufunse kuti, mtengo umene munadulako uli kuti? Ngati angathe, akuperekezeni mukauone, mukalawe. Dzina lolembedwa pachubu musalikhulupirire kwambiri, chifukwa maina a mikuyu ndi osokonekera padziko lonse; mtundu umodzi umatha kukhala ndi maina asanu, ndipo dzina limodzi limatha kupatsidwa mitundu itatu yosiyana. Lilime lanu ndiye mboni.

Tsopano tibwerere ku kamchombo kaja, chifukwa kwa ife kuno nkhani yagona pamenepo. Mitundu ina nkhuyu ikamapsa kamchombo kamatseguka, moti kamtengo ka machesi kakhoza kulowa. Mitundu ina kamakhala kotseka, kapena kamatsekedwa ndi kadontho kokhala ngati uchi. Kumayiko kumene nkhuyu zimapsa kopanda mvula, kamchombo kotseguka si vuto kwenikweni. Koma kuno mvula yathu imabwera nthawi yotentha, kuyambira Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. Nkhuyu yotseguka ikamapsa nthawi imeneyo, madzi amalowa, nyerere zimalowa, tintchentche ndi tikafadala timalowa titanyamula zowoletsa. Kunja imaoneka bwinobwino, koma mukaing'amba imanunkha ngati thobwa logona masiku atatu. Ina imachita kuphulika yokha pamtengo chifukwa chomwa madzi ambiri mwadzidzidzi. Mtundu umene buku la ku Ulaya likuutama kuti ndiye wokoma koposa ukhoza kukukhumudwitsani kuno pa chifukwa chimenechi chokha.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za kusankha mtundu wa mkuyu wobzala pakhomo. Tsopano nditchule maina, ndipo ndinena mmene ine ndikuonera, osabisa.

Umene umapezeka kawirikawiri kumayiko otentha ndi Brown Turkey. Nkhuyu zake ndi zazikulu, khungu lofiirira mwakuda, mkati motuwira kufiira. Ndi mtengo wopirira, sukana nthaka, umabereka kwambiri, ndipo ukadulidwa umaphuka mwamphamvu n'kubereka panthambi zatsopanozo. Ku Brazil, m'tauni ya Valinhos m'chigawo cha São Paulo, alimi amalima mtundu wa banja lomweli umene amautcha Roxo de Valinhos, ndipo amaudulira kwambiri chaka chilichonse. Koma pa kakomedwe, Brown Turkey ndi wapakatikati. Akapsa padzuwa la Okutobala amatsekemera bwino, akapsa m'dzinja amasukuluka ngati vwende la kudambo, ndipo kamchombo kake kamakonda kutseguka. Kwa munthu woyamba kumene ndi mphunzitsi wabwino, chifukwa salanga msanga ukalakwitsa.

Kukanakhala kuti pakhomo panga pali malo a mtengo umodzi wokha, ine ndikanafuna Black Mission. Dzinalo linabwera chifukwa ansembe Achikatolika a chipani cha Fransisko Woyera ndi amene anaubzala kumamishoni awo ku California, kuyambira ku San Diego mu 1769. Khungu lake ndi lakuda bii ikapsa, mkati mofiira, ndipo kukoma kwake sikuti ndi shuga yekha ayi, kuli ndi kafungo kamene kamatsalira m'kamwa mukameza. Kamchombo kake ndi kakang'ono. Imauma bwino osataya kukoma. Chofunika kudziwa n'chakuti mtengo wake umakula kuposa inzake, choncho umafuna malo.

Wina woyenera dera lathu ndi Kadota, amene ku Italy amamutcha Dottato. Uyu amakhala wobiriwira motuwira chikasu ngakhale atapsa, mkati mwake ngati uchi, njere zochepa. Amafuna kutentha kwenikweni kuti akome, ndipo kumalo ozizira khungu lake limalimba. Kwa ife zimenezo si nkhawa. Akamapsa, pakamchombo pamatuluka kadontho kamene kamauma n'kutseka khomo, nyerere n'kusowa polowera. Ubwino wina ndi wakuti mbalame, makamaka apumbwa, zimathamangira chipatso chakuda kapena chofiira, chobiriwira zimachedwa kuchizindikira.

Ndiye pali Celeste, nkhuyu yaing'ono ngati dzira la njiwa lokulirapo, imene kumwera kwa dziko la America, kumene kumagwa mvula nthawi yotentha ngati kuno, amaikonda chifukwa kamchombo kake ndi kotseka ndithu ndipo imatsekemera ngati shuga. Koma ili ndi khalidwe limodzi loipa: ikamva ludzu nthawi yotentha imataya zipatso zisanapse. Ngati pakhomo panu madzi ndi ovuta mu Okutobala, ganizani kawiri. Ku yunivesite ya boma ya ku Louisiana anapanga mtundu wina wotchedwa LSU Purple, wa kamchombo kotseka, wopangidwira dala malo otentha a chinyezi. Mukaupeza kwa munthu wodalirika, utengeni.

Ambiri a ife tili ndi abale ku Joni, ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito m'minda ya maluwa ndi zipatso. Kumeneko mitundu yodziwika ndi Adam ndi White Genoa. Adam ndi nkhuyu yaikulu yofiira kwambiri mkati, yokoma, ndipo anthu a ku Cape amainyadira. Koma kumbukirani kuti ku Cape mvula imagwa nthawi yozizira, ndipo Adam amapsa mochedwa, cha mu Febuluwale ndi Malichi, kumeneko kuli gwaa, pamene kuno ili pakati pa dzinja. White Genoa ali ndi kamchombo kotseguka ndipo amakonda malo ozizirirako, moti ine sindingamulimbikitse kwa munthu wa m'mphepete mwa nyanja. A ku Namwera mwina mungamuyese. Ndipo ndipemphe chinthu chimodzi mwaulemu. Musauze mwana wanu kuti abise nthambi m'chikwama podutsa pa Mwanza kapena pa Dedza. Kulowetsa mbewu m'dziko kumafuna chilolezo cha Unduna wa Zamalimidwe, ndipo lamulolo lilipo pofuna kuteteza minda yathu yomwe, chifukwa kanthambi kamodzi kakhoza kubweretsa matenda amene kuno kunalibe. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu, kapena a kafukufuku wa zipatso ku Bvumbwe, akuuzeni njira yake. Komanso yang'anani kaye pafupi. M'mabwalo a mamishoni akale, m'nyumba zina za m'tauni, ngakhale kumalo ogona alendo m'mbali mwa nyanjamu, mukhoza kupeza mkuyu wachilendo umene unazolowera kale dzuwa lathu. Umenewo, ngakhale mwini wake asadziwe dzina lake, ndi wodalirika kuposa wa dzina lotchuka umene sunaonepo Mangochi.

(Nyimbo.)

WOULUTSA: Tapitiriza. Mwapeza mtengo wokoma, mwini wake wakulolani kudula. Muchite bwanji?

Nthawi yabwino ndi ya chisanu, Juni kapena Julayi, pamene mtengo wayoyola masamba kapena waima kukula. Sankhani nthambi yokhwima ya chaka chatha, yonenepa ngati chala chanu, ndipo muidule kutalika masentimita 20 mpaka 30, ikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Pochita zimenezi samalani ndi utomoni woyera uja, umayabwa pakhungu, makamaka padzuwa, ndipo usafike m'maso. Zikani kanthambiko m'chubu kapena m'chigubu chobooledwa pansi, mfundo ziwiri zilowe m'dothi, maso ayang'ane kumwamba. Ikani pamthunzi, dothi likhale lachinyezi koma losachita matope. Pakatha mwezi kapena iwiri muona masamba. Musafulumire kuwokera poona masamba okha, chifukwa mkuyu umatha kuphuka ndi chakudya cha m'nthambi mizu isanatuluke. Dikirani mpaka muone timizu toyera pansi pa chubu.

Dzenje likhale masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe, ndipo ngati mukubzala ingapo italikirane mamita atatu kapena anayi. Pakhale padzuwa tsiku lonse, posadikha madzi. Inu a m'mbali mwa Malombe ndi m'madambo a Shire, kumene madzi amasefukira, muunde kachulu kaye n'kubzala pamwamba pake, chifukwa mizu ya mkuyu wachilendo ikakhala m'madzi masiku angapo imaola.

Mdani wamkulu wa mtengowu kuno saoneka ndi maso. Ndi tinyongolotsi ta m'nthaka timene timalowa m'mizu n'kuitupitsa mfundomfundo. Amene munazulapo tomato kapena therere lofota n'kupeza mizu yake ili ngati mikanda, mwatiwona ntchito yake. Timakonda nthaka ya mchenga yotentha, ndiye kuti nthaka yathu ya m'mphepete mwa nyanja. Mkuyu wogwidwa nato umapinimbira, masamba achikasu, zipatso zochepa zosakoma, ngakhale muuthirire bwanji. Choncho musabzale pamene panali tomato, therere, mabiringanya kapena fodya. Mbande yogula muikhuthule pang'ono muone mizu musanalipire. M'dzenje muthire manyowa okupsa bwino ochuluka, ndowa ziwiri kapena zitatu, ndipo pamwamba muphimbire ndi udzu wouma wochindikala ngati chikhatho chopingasa, chifukwa nthaka ya manyowa ndi yozizira tinyongolotsito sitimasangalala nayo. Udzuwo usakhudze tsinde, kuopa chiswe. Amene muli pamchenga weniweni, kapena muli m'nyumba ya lendi, mukhoza kubzala mu theka la mgolo ndi dothi lakuda lochokera kwina. Mkuyu umabereka bwinobwino mumgolo bola madzi asasowe.

M'dzinja muona madontho ofiirira ngati dzimbiri kunsi kwa masamba, kenako masamba n'kuyoyoka. Ndi matenda a chinyezi. Tolani masamba ogwawo muwatenthe, ndipo mtengo muziudulira pakati kuti mphepo izidutsa.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo pang'ono, chifukwa kukoma kwa nkhuyu theka ndi mtundu, theka ndi nthawi imene yapsa. Ku India, m'dera la Purandar pafupi ndi mzinda wa Pune, amalima mkuyu wotchedwa Poona. Kumeneko nakonso kuli dzinja la mvula yambiri ndi chilimwe chotentha. Alimi a kumeneko amasiyanitsa zokolola ziwiri za mtengo womwewo: zimene zimatsatana ndi mvula amazitcha zowawasa, zimene zimapsa m'chilimwe amazitcha zotsekemera. Ife chilimwe chathu ndi Sepitembala, Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala. Nzeru yake ndi yokankhira mtengo kuti upsetse nthawi imeneyo. Nkhuyu zimabereka panthambi zatsopano, ndipo kuchokera pamene kankhuyu kaoneka mpaka kupsa pamapita pafupifupi miyezi itatu. Ndiye mvula ikatha, musiye mtengo upume osauthirira kwa masabata angapo. Cha mu Meyi kapena Juni muudulire, muthire manyowa, muyambe kuthirira. Uphuka, ubereka, ndipo zipatso zambiri zipsa mvula isanagwe. Mitundu ngati Brown Turkey imalola kuduliridwa kwambiri, koma Celeste muzingomupungula pang'ono. Pakhomo pamasiyana, choncho lembani tsiku limene mwadulira ndi tsiku limene mwathyola yoyamba, chaka chamawa mudzadziwe kusuntha.

Kuthirira kukhale kwa mlingo umodzi. Ndowa ziwiri kawiri kapena katatu pasabata kwa mtengo wobereka pamchenga, malinga ndi mmene dothi likuumira. Choipa ndi kuusiya sabata ziwiri uli gwaa kenako n'kuukhuthulira mgolo wonse, nkhuyu zimang'ambika. Zikayamba kufewa chepetsani madzi pang'ono kuti shuga akhathamire. Feteleza wa yureya musamuchulutse, amabereketsa masamba m'malo mwa zipatso.

Tsono kuthyola. Mango timathyola osapsa n'kuvundika, nthochi chimodzimodzi. Nkhuyu sivundikidwa. Mukaithyola yosapsa imangofewa n'kufota, shuga sawonjezereka. Ambiri amene amati nkhuyu yachizungu ndi yozizira anadya yothyoledwa msanga. Yakupsa mumaidziwa chonchi: khosi lake limafooka, chipatso chimene chinali chitaloza kumbali chimazendewera pansi. Khungu limachita timing'alu tating'ono. Mukaigwira imamveka ngati tsaya la mwana. Mukaipotokola imachoka yokha, ndipo pakhosi sipatuluka utomoni. Mukaona utomoni woyera, dziwani kuti mwafulumira ndi tsiku limodzi kapena awiri. Thyolani m'mawa kusanatenthe, ndipo mudye tsiku lomwelo kapena mawa lake, chifukwa ndi kutentha kwa kuno siichedwa kusasa. Masiku awiri omaliza nkhuyu isanapse ndi amene mbalame, mileme ndi apusi nawonso akudikira. Mangirirani timatumba ta nsalu yopyapyala pa nkhuyu zimene zayamba kufewa. Zikachuluka, zing'ambeni pakati muyanike pathandala loyera, losiyana ndi la nsomba, muphimbe ndi kansalu kuopa ntchentche, masiku anayi kapena asanu a dzuwa la Okutobala. Zouma zimasungika miyezi, ndipo amene mumasala m'mwezi wa Ramadan mukhoza kumafuturu nazo pamodzi ndi tende. Odwala shuga mudye mosamala, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuyu youma ndi shuga.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Nthawi yatsala pang'ono, koma sindingatseke ndisanabwerere ku mkuyu wathu wa kudooko uja. Zimandiwawa ndikamayenda m'mbali mwa Shire ndi m'mitsinje yotsikira kunyanja n'kupeza zitsa pamene panali mikuyu, ina yagwetsedwa kuti awotchere njerwa, ina kuti awambire nsomba. Mizu yake ndi imene inkagwira magombe. Ndipo amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti mikuyu yathu siikoma mofanana. Pamudzi uliwonse pamakhala umodzi umene ana amauthamangira, wa nkhuyu zikuluzikulu zotsekemera, pamene wina chapafupi pomwepo ndi wa mbuzi basi. Agogo a pamudzipo amaudziwa. Umenewo ndi mtundu wabwino ngakhale ulibe dzina la m'buku, ndipo umamera mosavuta: dulani nthambi yonenepa ngati dzanja, yotalika mita imodzi kapena kuposerapo, muizike kumayambiriro kwa dzinja, igwira. Mneneri Amosi wa m'Baibulo ntchito yake ina inali yosamalira mikuyu ya mtundu womwewu, ndipo ku Egypt kuyambira kalekale alimi ankacheka pang'ono nkhuyu iliyonse ndi kampeni kuti ipse msanga. Anthu ankaulima mtengo umenewu ngati mbewu, ife tikuuona ngati wa kutchire.

Kungoti uwu si wobzala pakhonde. Umatalika mpaka mamita 20, ndipo mizu yake imayenda kutali kufunafuna madzi. Imang'amba maziko a nyumba, imalowa m'chitsime ndi m'chimbudzi. Malo ake ndi kumalire a munda, kudimba, m'mbali mwa mtsinje, kapena pabwalo lalikulu la sukulu, la mzikiti kapena la tchalitchi. Wachilendo uja, ngakhale ndi waung'ono, naye mumutalikitse mamita anayi kapena asanu kuchokera pakhoma.

Sabata ino ndikupatseni ntchito. Yendani m'dera lanu, funsani akuluakulu kuti mkuyu wokoma uli pati, wachikuda kapena wachilendo. Mukaupeza uli ndi zipatso, ng'ambani imodzi, yang'anani kamchombo, nunkhizani, lawani, ndipo mutilembere kapena kutiimbira kuno ku wailesi kutiuza mudzi wake ndi mwezi umene umapsa. Tikufuna tidziwe mitengo imeneyi kuti Juni akamafika tidzadziwe kokapempha nthambi. Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kumezanitsa mango.

(Nyimbo yotsekera.)